Andipatsa udindo woyang'anira malo osungira ana olakwira malamulo: utsogoleri ndiuphunzire kuti?

Funso la wowerenga

Ndagwira ntchito yoona za chisamaliro cha anthu kwa zaka 9, makamaka kulemba malipoti a ana opita ku khothi. Miyezi inayi yapitayo anandiuza kuti ndikagwirizire udindo wa mkulu pa malo ena osungirapo anyamata amene khothi la ana lawatumiza kuti akasinthe khalidwe. Ndili ndi zaka 36, ndipo ambiri amene ndikuwayang'anira ndi aakulu kwa ine. Pamaso panga onse amati "inde bwana", koma ndikangoweruka zinthu zimayenda mwakale. Mwezi watha anyamata atatu anathawa usiku. Mmodzi atagwidwa anandinong'oneza kuti anathawa zibakera za mnyamata wamkulu amene antchito anam'patsa mphamvu m'hositelo. Ndapempha maphunziro a utsogoleri, akuti ndalama palibe. Kodi utsogoleri wa malo ngati ano munthu amauphunzira kuti? Nanga oyang'anira mashifiti anga ndiwakonze bwanji?

Yankho

Achimwene, pa zonse mwalembazi, chimene chandigwira mtima ndi kunong'ona kwa mnyamata uja. Mwana wathawa, wagwidwa, akudziwa bwino lomwe kuti akubwerera m'hositelo momwe muja, koma n'kutsegulabe pakamwa kwa bwana wachilendo. Ameneyo waona kanthu mwa inu. Ndiye tisanalowe m'nkhani ya maphunziro, ndikufunseni: usiku uno akugona kuti? Ngati akugonabe chipinda chimodzi ndi amene anam'tchulayo, ikani foni pansi mukakonze zimenezo kaye, ndipo mukonze mosaonetsa kuti iye ndiye anaulula. Samutsani anyamata anayi kapena asanu nthawi imodzi, mupereke chifukwa china. Zotsalazi muwerenga mukabwerako.

Tsopano tiwerengere limodzi. Sabata ili ndi maola 168. Inu pa ntchito mumakhalapo maola 40, mwina 45 mukachedwa kuweruka. Maola otsalawo, opitirira 120, malowo amakhala m'manja mwa amene ali pa shifiti: madzulo, usiku, Loweruka, Lamlungu, masiku a tchuthi. Ndipo mwana samenyedwa 10 koloko m'mawa bwana ali pakhonde. Amamenyedwa nyali zitazimitsidwa, amalandidwa ndiwo pa chakudya chamadzulo, amathawa mbandakucha. Kwa mwanayo, mkulu wa malo ndi bambo uja amanyamula makiyi usiku. Inu ndinu dzina chabe limene amalimva. Utsogoleri umene mukuufunawo ndi luso lochititsa kuti bambo wa makiyiyo azichita bwino inu muli m'tulo kwanu, ndipo luso limeneli silipezeka ku hotelo ya kunyanja.

Sindikunyoza maphunziro ayi. Misonkhano yotere ndakhalapo yambiri, masatifiketi ali m'kabati, alawansi ndinadya, ndipo nzeru zina ndinatolako. Chimene chinkandipweteka n'chakuti opita tinali ife a m'maofesi, pamene wa shifiti ya usiku, amene amayang'anizana ndi mwana wolusa maso ndi maso, sankatumizidwa n'kamodzi komwe. M'zaka za m'ma 1980 bungwe la ku America lotchedwa Center for Creative Leadership linafunsa akuluakulu a makampani kuti utsogoleri anauphunzira kuti. Ambiri anatchula ntchito zovuta zimene anapatsidwa asanakonzeke, kenako mabwana amene anagwira nawo ntchito, abwino ndi oipa omwe. Za m'kalasi zinabwera kumapeto. Inu ntchito yovutayo mwapatsidwa kale, sukulu yanu inatsegulidwa miyezi inayi yapitayo. Chatsala n'kuiyendetsa mwadongosolo.

Phunziro loyamba ndi la miyendo. Kwa miyezi itatu ikubwerayi, kawiri pa sabata, fikani nthawi imene sakukuyembekezani, monga 9 koloko usiku Lachiwiri kapena 5 koloko m'mawa Loweruka. Musafike ngati wapolisi wofuna kugwira mbava. Nyamulani tiyi mu flasiki, mukhale pa benchi ndi wa shifiti, mumufunse mmene usiku umayendera. Mudzaona zimene lipoti silinena: kuti tochi inafa kalekale, kuti munthu mmodzi akuyang'anira mahositelo awiri poti mnzake ali kumaliro, kuti zitseko zikatsekedwa madzulo ana amadalira chidebe mpaka kuche. Idyani nsima imene ana akudya, mutakhala pakati pawo. Yang'anani amene akudya mofulumira atafungatira mbale, ndi amene mbale yake yadzaza nyemba kuposa za anzake. Wamphamvu m'hositelo amadziwika pa ndiwo. Buku la zochitika, lija ambiri amangoti OB, muziliwerenga m'mawa uliwonse, kusaina, n'kulemba funso m'mphepete. Mukaona "zonse zili bwino" masiku 30 otsatizana pa malo okhala anyamata achisodzera, bukulo likukunamizani.

Ku Texas, m'dziko la America, kunali mkulu wa ndende, George Beto, amene anayendetsa ndende za kumeneko kuyambira 1962 mpaka 1972. Ankangotulukira pa ndende iliyonse osachenjeza, mpaka anam'patsa dzina loti Walking George. Ndende zake zinkatamandidwa chifukwa cha bata. Koma batalo linkatsamira pa akaidi ena amene anapatsidwa mphamvu zolamulira ndi kumenya anzawo, ndipo mu 1980 khothi linagamula kuti kayendetsedwe ka ndende za Texas kankasemphana ndi malamulo aakulu a dzikolo. Nkhaniyi ndimaikumbukira chifukwa imandichenjeza kuti munthu akhoza kuyenda tsiku lililonse n'kumakondwera ndi bata, osafunsa kuti batalo akulilipirira ndani.

Zimene mnyamata uja wakuuzani ndi zomwezo, unyapala. Mawuwa ndi a kundende za akuluakulu, koma mchitidwe wake umamera paliponse pamene antchito achepa. Musathamangire kunena kuti anthu anu ndi oipa mtima. Taganizirani munthu mmodzi usiku ndi anyamata 40, ena amphamvu kuposa iye, foni yopanda mayunitsi. Amasankha mnyamata wamkulu, amam'patsa pogona pabwino ndi nsima yowonjezera, iye n'kumamusungira bata. Kwa wantchitoyo imeneyi ndi njira yofikira m'mawa ali bwinobwino. Kwa ana aang'ono ndi msonkho wa ndiwo, kuchapa zovala za mkuluyo, zibakera, ndipo nthawi zina zinthu zimene mwana sangathe n'kuzitchula komwe. Mfundo za United Nations zoteteza ana osungidwa m'malo otsekeredwa, zimene zimadziwika ndi dzina la Havana, za mu 1990, zimanena pa ndime 71 kuti mwana asapatsidwe udindo wolanga anzake. Chimene angachite ndi kutsogolera zamasewera, zamaphunziro, kapena kukhala mu komiti ya ana.

Ine pamenepa ndinaphonya, ndipo ndikuuzeni kuti musagwere m'dzenje lomwelo. Pa malo ena amene ndinayang'anirapo, ndinaima pa asembule Lolemba m'mawa n'kulengeza kuti kuyambira tsiku limenelo kulibenso kapitawo m'hositelo. Ndinabwerera mu ofesi ndikudzimva. Pofika Lachinayi kunali kutachitika ndewu ziwiri, zenera litasweka, ndipo a usiku anangopinda manja kuti bwana azione yekha. Ndinazula mzati ndisanaimike wina. Chimene ndinayenera kuyamba nacho, ndipo ndinachichita mochedwa, chinali ndandanda wa mashifiti. Masana tinali ochuluka mpaka ena kumangowothera dzuwa, ndiye ndinachotsako anthu awiri kuwaika madzulo ndi usiku, n'kuwapatsa masiku opuma oyenera. Ndinagula matochi ndi mayunitsi. Ana aang'ono tinawasiyanitsa pogona ndi aakulu. Kenako ntchito za kapitawo uja tinazigawa tizidutswa: wina ukhondo, wina mpira, wina kuwerenga mabulangete, onse osinthana mwezi ndi mwezi. Chipande chogawira chakudya chokha sichinaperekedwe kwa mwana aliyense, chinabwerera m'manja mwa wantchito. Mnyamata wamkulu ujanso musam'taye. Zimene wachita zifufuzidwe ndipo zilembedwe, koma kumbukirani kuti mphamvuzo anam'patsa ndi akuluakulu. Kawirikawiri amakhala mwana wotha kutsogolera anzake, ndipo timu ya mpira kapena benchi la ukalipentala, pamaso pa munthu wamkulu, zikhoza kum'wongola.

Tibwere kwa akuluakulu a "inde bwana" aja. Iwo aona mabwana angapo akubwera ndi moto n'kusamutsidwa chaka chisanathe. "Inde" wawoyo tanthauzo lake n'lakuti tidikire, uyunso apita. Ndipo poti inu mukungogwirizira, kudikirako si kopusa. Memo siiwasuntha. Khalani ndi aliyense payekha, ola lathunthu, osati inu muli kuseli kwa desiki koma pansi pa mtengo kapena kumene amagwirira ntchito. Atchuleni mwaulemu wa msinkhu wawo, bambo, mayi, udindo wanu suchepa nazo. Afunseni chimene chinkayenda bwino kale koma chinasiya. Afunseni chimene akanayamba kukonza zikanakhala m'manja mwawo. Koma funso limene limatsegula mtima ndi ili: ndi mwana uti amene mumam'kumbukira kuti anasinthadi, ndipo chinam'sintha n'chiyani? Bambo amene mumamuona ngati mwala adzakuuzani za mnyamata amene anam'phunzitsa kusoka zaka 20 zapitazo, lero ali ndi makina ake pakhonde la sitolo. Ine sindinamvepo wina akuyankha kuti mwanayo anasintha chifukwa cha chikoti. Mawu awo omwewo ndi amene mudzaimirirapo pa msonkhano wa antchito.

Pocheza choncho mudzapeza awiri kapena atatu amene akhala akudikira munthu woti awamvere. Mudzapezanso mmodzi kapena awiri amene zakalezo zimawapindulira, mwina kudzera ku sitolo ya chakudya. Otsala onse amangoyang'ana kumene mphepo ikulowera. Cholakwa cha mabwana atsopano n'kutha mphamvu zonse polimbana ndi awiri ovuta aja, n'kuiwala atatu abwinowo.

Jerome Miller anapatsidwa udindo woyang'anira malo osungira achinyamata olakwa ku Massachusetts, m'dziko la America, mu 1969. Anayamba ndi malamulo oletsa kumenya ana ndi zilango zina zankhanza, antchito akale anam'kana mwa njira zawo, ndipo pofika 1972 anangotseka malo akuluakuluwo n'kutumiza ana ku mapologalamu a m'madera. Inu mphamvu zotseka malo mulibe. Njira imene ingakuthandizeni ndi ya ku Missouri, ku America komweko. Kumeneko anatseka sukulu yaikulu yosungira anyamata olakwa ya ku Boonville mu 1983 n'kukhazikitsa malo ang'onoang'ono, mmene ana amakhala m'magulu a 10 mpaka 12, gulu lililonse ndi antchito ake omwewo tsiku ndi tsiku. Pakabuka mkangano gulu limaima mozungulira n'kukambirana pomwepo, chimene kwa ife sichachilendo, ndi bwalo lija la kumudzi. Ndalama za Missouri tilibe, koma mfundo yake siigulidwa: mwana aliyense adziwike bwino ndi munthu wamkulu mmodzi. Gawani anyamata anu m'mabanja. Banja lililonse likhale ndi wantchito amene akudziwa dzina la mwana, mudzi wake, kalasi yake, zimene zinam'bweretsa, ndi tsiku limene analankhula ndi amayi ake komaliza.

Oyang'anira mashifiti anu akulira m'ntchito imeneyi. Munthu sakula ndi kuuzidwa, amakula posenza katundu amene akum'lemera pang'ono, wina akuyenda pambali pake. Yambani ndi kupatsirana shifiti. Mphindi 15, otuluka ndi olowa ataima pamodzi, wotsogolera akhale woyang'anira shifiti, osati inu. Asamangowerenga mitu kuti onse alipo. Atchule mayina: ndani sanadye, ndani walandira uthenga wa maliro, ndani ali ndi khothi mawa, ndani wangokhala duu mosazolowereka. Mwana amene akuganiza zothawa kapena zodzivulaza nthawi zambiri amayamba waonekera pa tinthu totere. Masabata oyamba mukhalepo koma mutseke pakamwa. Zikatha mum'tengere pambali woyang'anirayo, mumuuze chimodzi chimene wachita bwino ndi chimodzi choti akonze. Chimodzi basi. Mukamuuza zisanu sakumbukira n'chimodzi chomwe.

Kamodzi pa mwezi mukhale ndi woyang'anira aliyense payekha, theka la ola kapena kupitirira pang'ono, tsiku lodziwikiratu, ndipo musalisinthe chifukwa cha msonkhano wina. Mum'funse mwana amene akum'sowetsa tulo ndi wantchito amene akum'vuta, n'kumulola kuti ayambe iye kunena chimene akuganiza kuchita. Zimene mwagwirizana mulembe m'kope, mwezi wotsatira muyambire pomwepo. Ngati woyang'anira amalowa mu ofesi mwanu pokhapokha akalakwa, ofesiyo ndi khothi, ndipo palibe amaphunzira ali m'bokosi la woimbidwa mlandu.

Chachitatu, ndipo ichi n'chimene chimasiyanitsa malo abwino ndi oipa, ndi mmene mumakambirana chinthu chikachitika. Ndewu, kuthawa, mwana kugwidwa mwamphamvu: pasanathe masiku awiri onse amene analipo akhale pansi. Funso loyamba lisakhale lakuti walakwa ndani. Likhale lakuti zinayamba bwanji, ola limodzi zisanachitike kunali chiyani, ndani anaona kanthu koma sananene ndipo chifukwa chiyani. Kuthawa kwa anyamata atatu aja ndi phunziro lanu loyamba laulere. Mu 2016 BBC inaonetsa zimene mtolankhani wake anajambula mobisa pa malo osungira achinyamata a Medway ku England. Kuwonjezera pa nkhanza zimene zinaoneka, panamvekanso zakuti zochitika zina sizinkalembedwa moona, poopa chindapusa chimene kampani yoyendetsa malowo ikanalipira. Awatu ndi malo a m'dziko lolemera, okhala ndi makamera. Inunso wa shifiti akalemba ndewu mu OB n'kumukalipira, mwezi wamawa bukulo lidzati zonse zili bwino. Choncho wolemba zoona muzim'thokoza. Dziwaninso kuti anthu akayamba kulemba zoona chiwerengero cha ndewu chimaoneka ngati chakwera. Auzeni akulikulu zimenezi pasadakhale, mwa kalata, kuti asadzati malo aipa m'manja mwanu.

Luso lozimitsa mkwiyo wa mwana siliphunziridwa pa bolodi. Lachisanu masana, ola limodzi, wantchito mmodzi akhale mnyamata wolusa amene wakana kulowa m'hositelo, wina ayese kum'tonthoza. Poyamba adzaseka, asiyeni aseke. Kenako adzaona okha kuti wokweza mawu moto umakula, kuti kuima chapambali n'kwabwino kuposa kuima chifuwa ndi chifuwa, kuti choyamba n'kuchotsa oonerera poti mnyamata wa zaka 16 sangagonje anzake akuyang'ana, ndiponso kuti ayenera kupatsidwa njira yotulukira m'nkhaniyo osachita manyazi. Mfundo za Havana zimalola kugwira mwana mwamphamvu pokhapokha njira zina zonse zakanika, ndiponso kwa kanthawi kochepa. Onjezani lamulo lanu: pakhosi ayi, kum'khalira pachifuwa kapena pamsana ayi, chifukwa ana afapo m'mayiko ena polephera kupuma atapanikizidwa choncho.

Kenako apatseni ntchito zenizeni. Wina ayendetse dimba ndi ndalama zake, wina atsogolere msonkhano wa antchito, wina akuperekezeni ku khothi akamve mmene majisitireti amafunsira. Mukachokapo musamasiye yemweyo nthawi zonse. Sinthasinthani, mulembe kalata yoti wakuti ndiye akugwirizira, ndipo mukabwerako musagwetse zimene anagamula pamaso pa anzake, ngakhale inu mukanachita mwina.

Tsiku lina wina adzakuuzani kuti, "Bwana, ana awa amamva ndodo." Musam'psere mtima, ambiri a ife tinakula choncho. Muyankheni ndi zinthu ziwiri. Choyamba, mu 2009 katswiri wina wa ku America, Mark Lipsey, anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 548 wa mapologalamu a achinyamata olakwa. Anapeza kuti njira zoopseza ndi za chisilikali sizichepetsa kubwereza milandu, zina zimaonjezera kumene, pamene uphungu, kuphunzitsa maluso ndi kukhala ndi munthu wamkulu woyenda naye ndi zimene zimathandiza. Anapezanso kuti pologalamu yabwino ikachitidwa mwa mphwayi phindu lake limachepa, ndipo apa nkhani yabwereranso kwa bambo wa makiyi uja. Chachiwiri ndi lamulo. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lathu limaletsa chilango chankhanza ndi chonyoza umunthu. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limati mwana asaikidwe m'ndende, ndipo khothi la ana silinena kuti mwana wapezeka wolakwa n'kum'patsa chilango ngati wamkulu, limati wapezeka kuti ndi amene anachita chinthucho. Mu 2017 malamulo aakulu anasinthidwa kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18, ndipo mu 2018 Khothi Lalikulu linalamula kuti ana amene ankasungidwa ku ndende za Bvumbwe ndi Kachere achotsedweko. Ndiye ngati malo anu akuyenda ngati ndende, cholinga chonse cha lamuloli chafera pa geti lanu. Ndime 67 ya mfundo za Havana muilembe m'Chichewa muimate pakhoma: kumenya ayi, chipinda chamdima kapena cha yekha ayi, kumana chakudya ayi, kuletsa kuonana ndi abale ayi, kugwiritsa ntchito yakalavulagaga ngati chilango ayi, kulanga gulu lonse chifukwa cha mmodzi ayi. Koma musachotse ndodo m'manja mwa munthu osam'patsa china. Khalani pansi ndi antchito komanso ana, mugwirizane zotsatira zololedwa, monga kusaonera mpira Loweruka, kukonza chimene waononga, kapena kupepesa pa bwalo la banja lake.

Pali malire amene ulemu wa msinkhu sufikako. Wantchito womenya mwana, womugwiririra, kapena woba chakudya cha ana, nkhani yake ilembedwe tsiku lomwelo, mwana aonedwe kuchipatala, wantchitoyo atalikitsidwe kwa ana pamene kufufuza kukuchitika, ndipo lipoti lipite kwa amene ali ndi mphamvu zoimitsa munthu ntchito. Zokhudza upandu zipite ku polisi. Adzabwera kwa inu usiku ndi m'busa kapena ndi malume ake kudzapepesa. Alandireni, muwapatse mpando, koma kalata ipite. Antchito abwino aja akuyang'ana kuti aone ngati muli ndi msana, ndipo mukabisa kamodzi sadzakuuzaninso kanthu.

Gawo lina la ntchito yanu limayang'ana kunja kwa mpanda. Tengani mafayilo onse, mulembe pa pepala limodzi dzina la mwana aliyense, tsiku limene anabwera, lamulo la khothi limene anabwera nalo, ndi nthawi imene nkhani yake iyenera kuunikidwanso. Lamulo la 2010 lija linakhazikitsa Child Case Review Board, imene imayendera malo ngati anuwo n'kuunika nkhani za ana. Musamaione ngati mlendo wodzakugwirani, itumizireni mndandandawo musanafunsidwe. Mwana amene sadziwa tsiku lobwerera kwawo alibe chotaya, ndipo kuthawa kwambiri kumabadwira pamenepo ndi pa kusowa nkhani za kumudzi. Foni imodzi ya pa malo, mphindi zisanu kwa mwana aliyense pa nthawi yoikika, imasunga ana kuposa waya waminga. Za ndalama, fandingi ikachedwa musamangodandaula pa foni. Lembani kuti ufa watsala wa masiku angati, ana alipo angati, n'kusunga kope. Luso lanu lolemba malipoti a ku khothi lija apa likuthandizani kwambiri.

Nanga inu mwini? Dziko lathu malo otere ndi owerengeka, monga Chilwa ku Zomba, Mpemba ku Blantyre, ndi nyumba zochepa zosungira ana podikira milandu, choncho anthu amene anasenzapo katundu ngati wanuyu ndi ochepa ndipo amapezeka. Funani mmodzi amene anapuma pa ntchito, wosakhala bwana wanu, muzim'imbira kamodzi pa mwezi ndi nkhani imodzi yeniyeni imene yakuzunguzani. Sungani kope lanulanu, Lachisanu lililonse mulembe chimene mwagamula sabata imeneyo ndi chimene chinatsatira. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi mudzaona nokha pamene mumakonda kupupuluma ndi pamene mumazengereza. Maphunziro a m'kalasi musasiye kuwapempha. Malawi School of Government imaphunzitsa za kayendetsedwe ka ntchito za boma, ndipo zimene zikusowa kwa munthu wochokera ku ntchito ngati yanu nthawi zambiri ndi za ndalama, kagulidwe ka katundu ndi malamulo oyendetsera antchito, chifukwa mabwana ambiri amagwera pamenepo osati pa ana. Magomero College ku Chiradzulu yaphunzitsa ambiri a ife za chisamaliro cha anthu, ndipo mphunzitsi mmodzi kubwera pa malo anu masiku awiri kudzaphunzitsa a mashifiti onse n'kotsika mtengo kuposa inu nokha kupita kunyanja. Pempho lotere, lokhala ndi mayina ndi mtengo wake, limavuta kulikana kusiyana ndi longoti tikufuna maphunziro.

Mudzisamalenso. Ntchito iyi imalowa m'nyumba, munthu umapezeka ukukalipira ana ako chifukwa cha zimene waona masana. Khalani ndi tsiku limodzi pa sabata limene foni ya ntchito ili ndi wachiwiri wanu. Ngati simungathe kuisiya n'tsiku limodzi lomwe, ndiye kuti oyang'anira anu sanakonzekebe, ndipo mwadziwa poyambira.

Mnyamata wonong'ona uja mubwerere kwa iye pakatha sabata. Musamuitanire ku ofesi anzake akuona. Mum'peze ku dimba kapena pochapa, mulankhule ndi ena awiri kaye, kenako iye, mum'funse mmene akugonera tsopano. Ndipo pa msonkhano wounika kuthawa kuja, dzina lake lisatuluke pakamwa panu.